Injini inawira pa chikweza, makaniko anachotsa thermostat: ndibwezeretse?

Dzimbiri4x4:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwerako ku ulendo wautali uja ndi galimoto yanga yakale ya dizilo, koma pali nkhani ikundisowetsa mtendere. Popita, m'chigwa monse zinali bwinobwino, muvi wa geji ya kutentha kwa injini uli pakati pomwe umakhala masiku onse. Titangoyamba chikweza chachitali cha m'mapiri, katundu ali tho kumbuyo, muvi unayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pofiira. Ndinapatuka n'kutsegula boneti, nthunzi ili tolotolo pa kabotolo ka madzi ka pambali pa radiyeta.

Bambo wina woyendetsa thiraki anaima yekha osamuimitsa. Anandiletsa kukhudza chivindikiro cha radiyeta mpaka injini itazizira, anandipatsa madzi a m'chigubu chake, kenako anandiperekeza, ine patsogolo iye pambuyo atayatsa ma hazard, mpaka pa galaja ina ya m'mbali mwa msewu. Makaniko wa pamenepo anachotsa thermostat, amvekere kumadera otentha kachitsuloka n'kopanda ntchito. Kuchokera apo, potsetsereka muvi umagona pansi penipeni, koma pobwerera unakwerabe pa chikweza china, ngakhale sunafike pofiira. Thermostat ija ili mu buti. Ndiibwezeretse, ndigule yatsopano, kapena ndizingoyenda choncho?

KaluluWaDizilo:
Isiyeni mu buti momwemo achimwene. Yanga ndinachotsa kalekale ndipo siinandiwirirepo. Kachitsulo kameneko anakapangira kumayiko a chipale.

Sipanala17:
A Kalulu, pepani, apa ndiye sitigwirizana. A Dzimbiri, tamvetserani zimene mwanena nokha: thermostat mulibe, koma muvi unakwerabe pa chikweza. Ndiye kuti chimene chinawiritsa injini yanu chikadali momwemo, makaniko uja anangochiphimba.

Ntchito ya thermostat si yoteteza kuzizira kwa kunja. Mkati mwake muli phula lomwe limafufuma likatenthedwa n'kukankha kachitseko. Injini ikadali yozizira kachitsekoko kamatseka njira yopita ku radiyeta kuti madzi azizungulira mu injini momwemo, itenthe msanga. Madzi akafika pa mlingo wake, pa magalimoto ambiri madigiri 82, ena 88, kamatseguka. Nambalayo imakhala yodindidwa pa thermostat pomwepo, taitulutsani mu butimo muone. Injini anaipanga kuti izigwira ntchito pa kutentha kumeneko. Ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri, oyilo safewa mokwanira, chinyezi chimatsalira mu oyilo, ndipo mapisitoni ndi ma ring amadyeka msanga. Ya dizilo imadzazanso mwaye.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa ndi ichi. Pa injini zambiri thermostat imakhala ndi kambale kachiwiri kumunsi kwake. Njira ya ku radiyeta ikatseguka, kambaleko kamatseka njira yachidule ija madzi amazungulira injini ikadali yozizira. Mukachotsa thermostat yonse, njira yachiduleyo imakhala pululu, ndipo madzi ena otentha amabwerera mu injini osadutsa mu radiyeta n'komwe. Ndiye mwachotsa kuti izizizira, koma pa chikweza mwaiwonjezera moto.

KaluluWaDizilo:
Zimenezo n'za m'mabuku bwana. Ine ndikunena zomwe ndaona ndi maso angawa.

Sipanala17:
Mumayenda nayo m'tauni, yopanda katundu. Muisenzetse mukwere nayo phiri, kenako tidzakambirane.

MayiWaMsewu:
Musanakangane kwambiri, a Dzimbiri atiuze kaye. Muvi umakwera mukamayenda pang'onopang'ono kapena mukamathamanga? Ndipo fani yanu ndi ya magetsi kapena ndi ija yomangidwa pa injini yoyendera lamba?

Dzimbiri4x4:
Mayi, imatentha ndikakhala pa giya yachiwiri kapena yachitatu, injini ikulira kwambiri koma galimoto ikukwawa. Pamsewu wosalala, ndikathamanga, zonse zili bwino. Fani ndi ya lamba.

MayiWaMsewu:
Ndiye ine ndikuloza fani. Pothamanga mphepo imadzilowera yokha mu radiyeta, fani kaya ikugwira kaya ayi simungadziwe. Pokwawa pa chikweza mphepo kulibe, yomwe imakoka mpweya ndi fani basi. Fani za lamba zambiri zili ndi kachitini pakati, mkati mwake muli mafuta olimba a silicone, omwe amaigwiritsa mwamphamvu injini ikatentha. Mafutawo akatha kapena akadontha, fani imaoneka ngati ikuzungulira koma siikoka kanthu. Muyese chonchi: injini itatentha bwino, izimitseni, chotsani kiyi, muzungulitse fani ndi dzanja. Ikamalimba n'kuima msanga, ili bwino. Ikamangoti pilipiti yokha kangapo konse, yatha. Muonenso ngati pali mafuta ndi fumbi zomatirira pa kachitiniko.

GogoGiya:
Mayiwa anena zoona. Ndiwonjezerepo chivindikiro cha radiyeta, chinthu chaching'ono chomwe anthu amachinyoza. Madzi amawira pa madigiri 100 kufupi ndi nyanja yamchere, koma mukamakwera phiri amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Pamtunda wa mamita 1500 ndiye kuti akuwira cha pa 95. Chivindikiro chabwino, cholembedwa 0.9 kapena 1.1 (mlingo wa mphamvu yake yopanikiza), chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, mphamvu ija palibe, ndipo madzi amathawira mu kabotolo ka pambali kaja munaona nthunzi. Pamenepo injini yopanda turbo nayonso imakhala itafooka chifukwa mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, ndiye mumaponda kwambiri, kutentha n'kuwonjezeka. Zonse zimakumana pa chikweza.

Chiphaliwali:
Mavuto onsewa n'chifukwa chokakamira magalimoto akale. Gulani yatsopano muziyenda ndi mtima m'malo.

Dzimbiri4x4:
Aise, iyi ndimaidziwa bawuti iliyonse. Siigulitsidwa.

MaloleAkutali:
Ine ndakhala pa chiwongolero cha thiraki moyo wanga wonse mpaka kupuma, ndipo nkhani ya mnzanga uja anaima yandikhudza. Anthu amaganiza kuti timaima chifukwa tili ndi nthawi yambiri. Ayi ndithu. Kuimitsa thiraki yodzaza pa chikweza n'chinthu chovuta, poinyamulanso kilachi imavutika. Koma aliyense amene wayenda maulendo ataliatali anagonapo pamsewu, ndipo amakumbukira magalimoto onse amene anangodutsa. Ukaona boneti yotsegula, mwendo umapita wokha pa buleki.

Ndipo anachita bwino kukuletsani chivindikiro chija. Ndinaonapo mnyamata wina atapsa nkhope ndi mkono wonse chifukwa chotsegula radiyeta ikuwira. Madzi amene ali mmenemo apitirira pa mlingo wowira, chikuwagwira ndi chivindikirocho, ukangochimasula amawira nthawi imodzi n'kutuluka mwamphamvu pamodzi ndi nthunzi. Komanso musamathire madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri, cylinder head, chitsulo chovindikira pamwamba pa injini, ikhoza kupindika kapena kung'aluka. Dikirani mpaka muthe kugwira payipi yapamwamba ndi dzanja ndipo ikhale yofewa mukaifinya.

Mukaona muvi ukukwera musanafike pofiira, zimitsani air con, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo onse. Hita ndi karadiyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi, kamachotsako kutentha ndithu. Mudzatuluka thukuta koma mukhoza kufika pamalo abwino oima.

MayiWaMsewu:
Madala, za kuimazo ndikugwirizana nanu theka. Ine nthawi zambiri ndimayenda ndekha kapena ndi ana. Masana, pamalo oonekera, ndimaima, ndipo ndathandizapo anthu ambiri ndi mawaya a batire ndi pampu. Koma usiku pamalo a zii sindiima. Ndimachepetsa liwiro, ndione ngati pali ngozi, ndikafika pamalo a anthu ndikanene kapena ndiimbe foni. Pali anthu amene amatsegula boneti dala.

MaloleAkutali:
Pamenepo sindingakutsutseni mayi. Kukauza anthu patsogolo nakonso n'kuthandiza. Amene ndimadandaula nawo ndi aja amachepetsa liwiro kuti ajambule pafoni, n'kumapita.

Kandodo_wa_Turbo:
Amenewo ndiye achuluka masiku ano.

Chiphaliwali:
Koma tinene zoona, masiku ano ukaima uthandiza chiyani? Galimoto zatsopano ukatsegula boneti umangoona pulasitiki. Popanda kompyuta palibe chomwe ungachite.

Sipanala17:
Mukukokomeza achimwene. Galimoto yatsopano nayonso ili ndi radiyeta, mapayipi, lamba, batire ndi matayala, ndipo zimene zimaimitsa anthu pamsewu kawirikawiri ndi zomwezo. Za kompyutazo, pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16, ya OBD2. Ku America inakhala lamulo pa magalimoto kuyambira 1996, ku Ulaya pa a petulo kuyambira 2001. Kachipangizo kolumikiza pamenepo n'kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamalankhula ndi foni yanu, ndipo kamakuuzani kutentha kwenikweni kwa madzi m'manambala. Muvi wa pa dashibodi pa magalimoto ambiri umangokhala pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha, umadzasuntha zinthu zitafika kale patali. Ya a Dzimbiri mwina ndi yakale kwambiri moti soketiyo ilibe, koma kwa enanu n'chida chofunika kukhala nacho.

GogoGiya:
Popeza mwayamba za zakale ndi zatsopano, ndikuuzeni kuti ulendo wautali woyamba wa pagalimoto unalinso wokonzakonza m'njira, ndipo woyendetsa anali mayi. Mu Ogasiti 1888, Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz, anatenga galimoto ya matayala atatu imene mwamuna wake anapanga, pamodzi ndi ana ake awiri aamuna, Eugen ndi Richard, osamuuza mwiniwake. Anachoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim ku Germany, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 100. Malo omwetsera mafuta kunalibe, anakagula mafuta otchedwa ligroin ku sitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Payipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini ya chipewa chake. Mabuleki anali a matabwa, atadyeka anapita kwa wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Pa zikweza anawo ankatsika n'kumakankha, ndipo atabwerako Benz anawonjezera giya ina yokwerera mapiri. Madzi oziziritsira injini nawonso ankangothira m'njira monse chifukwa ankauma.

MayiWaMsewu:
Agogo, nkhani imeneyi ndimaikonda kwabasi. Muziikamba pafupipafupi, pali ena amadabwabe akaona mzimayi atagwira sipanala.

Kandodo_wa_Turbo:
A Dzimbiri, kupatula wa thiraki uja, munakumananso ndi ndani? Mwangotiuza za mavuto okhaokha.

Dzimbiri4x4:
Eee, zabwino zinalipo zambiri. Tsiku lotsatira, pamalo ena opumira, ndinapeza gulu la anthu okonda magalimoto akale ali paulendo wawo, magalimoto ali ndondondo, maboneti onse otsegula kuti azizire. Sitinadziwane n'kale lonse, koma atangoona yanga anandikodola. Posakhalitsa wina anali atagona pansi pake akuona ma spring, wina akundifunsa kuti gearbox ndi yake yomwe kapena ndinasintha. Mkulu wina wa imvi anali ndi bokosi la zida losanjidwa bwino moti ndinalijambula: masipanala, ma clamp a mapayipi a misinkhu yosiyanasiyana, lamba wa fani wapadera, mafyuzi, waya, tepi, sefa ya dizilo, tochi yovala pamutu. Anandiuza kuti lamba wakale akamusintha samutaya, amamusunga pansi pa mpando chifukwa akudziwa kuti amakwana.

Tinayenda limodzi chigawo chachikulu cha tsikulo, ndipo m'njira tinapeza banja lina litaima, tayala litaphulika. Sipeya anali nayo koma inali yophwa, yong'alukang'aluka m'mbali. Mmodzi wa anzanga atsopanowo anachotsa tayala lophulikalo, n'kutenga bambo wa banjalo pa galimoto yake kukafuna lina, ife tinatsala ndi mayi ndi ana mpaka atabwerako. Tinasiyana madzulo pamphambano, ndipo mpaka lero timalemberana.

Sipanala17:
Za sipeyazo n'zofala. Tayala limakalamba ngakhale lisanaponde pansi. M'mbali mwake, pamene palembedwa DOT, manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mapanda ake akuoneka atsopano. Ndipo matayala ambiri ophulika paulendo amakhala kuti mpweya unali wochepa, katundu wambiri: m'mbali mumapindikapindika, limatentha, n'kuphulika. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, sipeya yomwe.

MaloleAkutali:
Popeza tikukamba za mapiri, mundilole ndinene za kutsika, chifukwa chikweza chimawononga injini koma chitsetse chimapha anthu. Giya imene mwakwerera ndi yomwe mutsikire. Musamatsike pa nyutulo kuti musunge mafuta, ndipo musagoneke phazi pa buleki njira yonse. Pondani mwamphamvu pang'ono, liwiro litsike, siyani, mabuleki apume. Brake fluid, mafuta a mabuleki aja, amayamwa chinyezi akamakalamba. Wa mtundu wa DOT 4 watsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira cha pa 155. Akawira, pedulo imangolowa mpaka pansi popanda chogwira. Amene muli ndi automatic, L kapena 2 uja anamuikira zimenezi.

Kandodo_wa_Turbo:
Ine fluid ndimasintha zaka ziwiri zilizonse, kaya ndayenda kwambiri kaya ayi.

KaluluWaDizilo:
Mwachoka pa nkhani nonsenu. Funso linali la thermostat. Ndifunse ine: ikakanirira yotseka uli pakati pa tchire, utani? Si ndiye injini yapita? Yopanda thermostat ilibe vuto limenelo.

Sipanala17:
Funso labwino, ndipo apa ndikuvomerezani. Ikakanirira yotseka muli kutali, ichotseni kuti mukafike. Mudzaizindikira chifukwa muvi uli pamwamba koma radiyeta ndi yozizira. Monga njira yopulumukira tsiku limenelo, palibe cholakwika. Chomwe ndikukana n'kuyenda choncho zaka ndi zaka. Thermostat ndi yaing'ono, yapadera imakwana m'thumba la jekete. Nyamulani ina pamodzi ndi gasketi yake.

A Dzimbiri, yanuyo muiyese. Imangirireni ku waya, muiviike mu poto wa madzi osakhudza pansi, muike pamoto. Madzi asanafike powira iyenera kuyamba kutseguka, akamawira ikhale itatseguka yonse, ndipo mukaitulutsa itseke yokha pozizira.

MayiWaMsewu:
Komanso popeza inafika pofiira, muonetsetse kuti gasketi ya head, yomwe imamata pakati pa cylinder head ndi thupi la injini, siinapse. M'mawa injini ili yozizira, tsegulani radiyeta, lizani injini, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Muone oyilo pa dipstick ndi pansi pa chivindikiro chake ngati wasanduka wotuwa. Utsi woyera wosatha ku ekizozi injini itatentha kale, kapena madzi omangochepa popanda podontha, zonsezo n'zizindikiro zoipa.

Dzimbiri4x4:
Ndabwera ndi zotsatira akuluakulu. Thermostat ndaiyesa mu poto, palembedwa 82, ndipo yatseguka bwinobwino n'kutsekanso. Inalibe mlandu. Kambale kachiwiri kaja a Sipanala amanena kaliponso. Fani ndiye mayi munalasa: injini ili yotentha ndaikankha ndi chala chimodzi, yangozungulira yokha, ndipo kachitini konse kali noninoni ndi mafuta. Labala wa chivindikiro nayenso ndi wouma, wong'aluka mbali imodzi. Thovu mulibe, oyilo ndi wakuda bwinobwino, utsi woyera palibe. Pakati pa radiyeta ndi condenser ya air con ndapezamo udzu ndi tizilombo tambirimbiri, moti kumunsi konse kunali kotsekeka.

GogoGiya:
Mwapulumuka mwana wanga. Wa thiraki uja anakusungirani injini.

KaluluWaDizilo:
Chabwino, pa yanuyi ndagonja. Yanga ndiyamba ndaona ngati ili ndi kambale kameneko.

Chiphaliwali:
Ndiye mugula kachitini katsopano kapena muthiramo mafuta ena? Ndinamva kuti ena amangowotcherera kuti fani izizungulira nthawi zonse.

MaloleAkutali:
Zowotchererazo ayi. Fani yogwira nthawi zonse imasokosa, imadya mphamvu ya injini, imalemetsa bearing ya pampu ya madzi, ndipo pothamanga kwambiri mapiko a pulasitiki amatha kuthyoka n'kuboola radiyeta. Kachitini komangidwa ndi masikuluwu kamatheka kutsegula n'kuthiramo silicone watsopano, koma ngati kakudontha pa shaft, mafutawo adzathanso. Gulani kena.

Dzimbiri4x4:
Ndigula katsopano, pamodzi ndi chivindikiro ndi thermostat, yakaleyi ikhale yapadera m'bokosi. Mu radiyeta muli madzi a m'chigubu aja atasakanikirana ndi coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wotsala. Ndingowonjezera coolant kapena ndikhuthule zonse?

Sipanala17:
Khuthulani zonse, mutsuke ndi madzi oyera mpaka otuluka akhale oyera. Madzi wamba amabweretsa dzimbiri ndi miyala mkati mwa timachubu ta radiyeta. Thirani coolant wa mtundu umodzi, theka ndi theka ndi madzi a distilled ngati si wosakaniza kale, ndipo musaphatikize mitundu iwiri poyang'ana kuti maonekedwe akufanana. Udzu uja muutsuke ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo, kuti timapepala ta radiyeta tisapindike. Poika thermostat, sipuling'i iloze ku injini, ndipo ngati ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kabowoko kakhale pamwamba kuti mpweya uzitulukira. Mukathira, imikani galimoto mutu utakwera pang'ono, hita ili pa kutentha, chivindikiro chosatseka, injini ilire mpaka thermostat itatseguka ndipo thovu litasiya. Kenako tsekani, muyende pang'ono, ndipo m'mawa mwake muonenso mlingo wa madzi musanalize.

MayiWaMsewu:
Mufinyenso payipi yapansi ija. Ikakhala yofewa kwambiri imaphwatalala injini ikamalira mwamphamvu, madzi n'kulephera kudutsa. Popeza mwakhuthula kale madzi, ino ndiye nthawi yoisinthira limodzi.